Mukaona Magazi Pochita Chimbudzi

Ndikupereka moni kwa inu a m'tauni ya Moatize, a ku 25 de Setembro, a ku Cateme, a ku Kambulatsitsi, a pa Mussacama, mpaka kukafika kumapiri a Zóbuè. Nanunso madalaivala amene mwaimika magalimoto pamalire kudikira mapepala owolokera ku Mwanza, kwezani wailesi pang'ono, pakuti nkhani ya lero ikukukhudzani kwambiri. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo.

Ndisanapite patali, ndipepese kwa akuluakulu. Nkhani ya lero ndi ya kuchimbudzi, ndipo ndikudziwa kuti m'nyumba zina apongozi ali pompo, ana ali pompo, mwinanso nsima ili pamoto. Pepani azibambo, pepani azimayi. Komabe musazimitse wailesi, ndipo anawo musawathamangitse, chifukwa nawonso zimawagwera. Tikambirana za magazi amene munthu amaona pochita chimbudzi: kumene amachokera, chimene chimawayambitsa, ndi mmene achipatala amafufuzira gwero lake.

Mfundo yaikulu ndiitchule pachiyambi pomwe, ndipo muimva kangapo tisanamalize. Magazi a m'chimbudzi si matenda amodzi. Ndi chizindikiro chabe, ndipo matenda amene amabweretsa chizindikirochi ndi ambiri, ena opepuka, ena akupha. Kwathu kuno munthu akaona magazi amangoti "ndi mudzi uwu," kapena "ndi kamwazi," n'kupita kumsika kukagula makapisozi, mwinanso kwa a sing'anga. Ambiri amalondola ndithu. Koma amene waphonya amaphonya moopsa, pakuti amataya miyezi akuchiza matenda amene alibe, enieniwo akukula. Palibe amene angatchule gwero la magaziwo munthu asanayezedwe. Ine pano sindingathe, a sing'anga sangathe, ngakhale dokotala sangathe pongokumverani pafoni.

Tiyenda motere. Tiyamba ndi zimene inuyo mungaone ndi maso anu. Kenako tikamba za matendawo. Tikatero ndikulowetsani m'chipinda choyezera kuti mudziwiretu zimene zimachitikamo, n'kumaliza ndi zizindikiro zimene munthu sayenera kugona nazo m'nyumba.

Tiyambe ndi maso anu. Ambirife zimbudzi zathu n'zokumba. Mkati mumakhala mdima, dzenje ndi lakuya, ndipo ambiri timapitako m'mamawa kusanache kapena usiku. Chimene chagwera m'dzenjemo sitichiona. Munthu angathe kutaya magazi pang'onopang'ono kwa miyezi osadziwa, n'kumangodabwa kuti akutopa msanga kumunda. Tsono mukakayikira, chitani ichi kamodzi kokha masana kukuwala: dzithandizeni papepala kapena m'kachitini, muyang'ane, kenako mutaye m'dzenje ndi kusamba m'manja ndi sopo. Yang'ananinso chimene mwapukutira, kaya ndi pepala, tsamba kapena chitsononkho. Ngati mumagwiritsa ntchito madzi, onani mtundu wa madziwo.

Mukuyang'ana chiyani? Choyamba ndi mtundu wa magaziwo. Magazi ofiira kwambiri, amene akungodontha mutamaliza kapena akungooneka pa chopukutira, kawirikawiri amachokera pafupi, kotulukira chimbudzi komweko. Magazi osakanikirana ndi chimbudzi chamadzimadzi ndi zonanda ngati mamina amachokera m'thumbo lalikulu. Magazi oderako, olowerera mkati mwa chimbudzi cholimba, amachokera chakumtunda. Ndiye pali chimbudzi chakuda bii, chomata ngati phula la pamsewu dzuwa likaswa mtengo, chonunkha moipa kuposa masiku onse. Ambiri sachiwerengera ngati magazi, koma ndi magazi ndithu, ochokera m'chifu, amene ada poyenda ulendo wautali m'matumbo.

Pali zinthu zimene zimanamiza. Mapilitsi owonjezera magazi, sal ferroso uja amayi oyembekezera amalandira kusikelo, amadetsa chimbudzi, ndipo zimenezo si zoopsa. Beterraba, muzu wofiira uja, imafiiritsa chimbudzi. Azimayi, onetsetsaninso kumene magaziwo akutulukira, ngati ndi kunjira ya chimbudzi, ya mkodzo kapena ya abambo, chifukwa njira iliyonse ili ndi matenda akeake.

Chachiwiri, dzifunseni ngati pali ululu, ndipo ululu wake ndi wotani. Chachitatu, magaziwo abwera ndi chiyani: kutentha thupi, kutsekula m'mimba, kudzimbidwa, kuwonda? Mtundu, ululu, ndi zimene zabwera nawo. Zitatu zimenezi muzisunge m'mutu, pakuti n'zimene achipatala adzayambe kukufunsani.

Tsopano tilowe m'matendawo, ndipo tiyambe ndi wodziwika kwa aliyense, mudzi.

Mkati mwa njira ya chimbudzi, chakumapeto kwenikweni, muli timitsempha ta magazi timene munthu aliyense ali nato. Timitsempha timeneti tikatupa ndiye mudzi. Chimene chimatupitsa kwambiri ndi kukakamiza pochita chimbudzi, tsiku ndi tsiku, chifukwa cha kudzimbidwa. Pathupi napo pamayambitsa mudzi, chifukwa mwana amapanikiza mitsempha ya m'chiuno. Kunyamula zolemera kumawonjezera vutoli. Magazi a mudzi amakhala ofiira, amadontha pomaliza, ndipo nthawi zambiri sapweteka. Ena amamva kuyabwa, ena amamva kanyama kotuluka kenako n'kubwerera, ena mpaka amachita kukabwezera ndi chala.

Taganizani za moyo wathu kuno ku Tete. Kutentha kwake mukukudziwa, makamaka mwezi wa Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe. Thupi limataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo munthu akapanda kumwa okwanira, matumbo amayamwa madzi onse a m'chimbudzi n'kuchisiya chouma gwa. Dalaivala wa galimoto yaikulu amachoka ku Beira, amadzagona pamzere pa Zóbuè, chakudya chake buledi, tchipisi ndi nyama yootcha, madzi amamwa pang'ono kuopa kuimaima panjira, ndipo chimbudzi chikamupeza amachisunga chifukwa palibe malo abwino. Woyendetsa makina kumgodi wa malasha amakhala pampando tsiku lonse. Woumba njerwa amasenza kuyambira m'mawa. Anthu amenewa mudzi suwasowa. Ndipo kumudzi nakonso tazolowera ufa woyera, mgaiwa tikuunyoza, pamene gaga amene timataya ndi amene amafewetsa chimbudzi. Nyemba, khobwe, nandolo, nkhwani, bonongwe, therere, mapapaya, mango, ndi madzi ambiri akumwa, zimenezi zimathandiza mudzi kuposa mankhwala ambiri a pamsika.

Ndikupempheni chinthu chimodzi pa nkhani ya mudzi. Musalole kuti wina audule ndi lezala, aumange ndi ulusi, autenthe, kapena akuthireni mankhwala owawa kudzera kunjira ya chimbudzi. Malo amenewo ali ndi mitsempha yambiri ndipo khungu lake n'lofewa. Anthu amataya magazi, amapsa mkati, ena njira imatsekeka ndi zipsera. Kwa inu a sing'anga, amene ambiri muli m'bungwe la AMETRAMO, odwala amakukhulupirirani ndipo amayamba kufika kwa inu. Munthu wotuluka magazi akabwera, mutumizeni akayezedwe.

Pafupi ndi mudzi pali vuto lina, kung'ambika kwa khungu la potulukira. Chimbudzi cholimba chikadutsa mokakamiza chimasiya kachilonda. Apa ululu ndi waukulu, wocheka, ndipo umapitirira ngakhale munthu atachoka kuchimbudzi. Magazi amakhala ochepa, timizere tofiira pa chopukutira. Munthu amayamba kuopa kuchimbudzi, amasunga, chimbudzi chimalimbiratu, ndipo chikatuluka chimang'ambanso pomwepo. Ana aang'ono zimawachitikira kwambiri. Chimbudzi chikafewa, kachilondako kawirikawiri kamapola.

Koma imvani ichi, abale anga. Kukhala ndi mudzi sikutanthauza kuti magazi onse akuchokera ku mudziwo. Munthu angathe kukhala ndi mudzi, n'kukhalanso ndi matenda ena mkati. Tibwererako posachedwa.

(Kanyimbo kakafupi)

Mukumvera pulogalamu ya zaumoyo, ndipo tikukamba za magazi amene amaoneka pochita chimbudzi. Tanena kuti magaziwa ndi chizindikiro cha matenda osiyanasiyana, ndipo gwero lake limadziwika munthu akayezedwa. Tsopano tikambe za matenda obwera ndi madzi ndi chakudya.

Akuluakulu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ya kuno ku Mozambique akukumbukira chaka cha 1992, chaka cha chilala choopsa chija, chomwenso mtendere unasainidwa ku Roma. Chaka chimenecho matenda otsekula m'mimba mwa magazi anabuka mumsasa wa othawa nkhondo wa Lisungwi, kutsidya kwa malire athuwa, m'dera limene panthawiyo linali m'boma la Mwanza. Chaka chotsatira, 1993, matenda a kamwazi anafalikira m'madera ambiri a Mozambique. Tizilombo take tinali titazolowera kale mankhwala ambiri amene anthu ankadalira. Mabanja ambiri m'dera lathu lino anaika ana m'manda zaka zimenezo, ndipo chimene chinkafalitsa matendawo sichinathe mpaka lero: madzi osatetezeka, zimbudzi zochepa, ntchentche, ndi manja osasamba.

Munthu wa kamwazi amapita kuchimbudzi pafupipafupi, koma chotuluka n'chochepa, magazi ndi zonanda basi. M'mimba mumapotokola, thupi limatentha, ndipo akangodzuka amamvanso ngati chatsala. Musasokoneze ndi kolera, amene wavutitsa chigawo chathu kangapo, monga mu 2015 ndi mu 2023. Chimbudzi cha kolera chimakhala chamadzi okhaokha, choyererako, chochuluka, ndipo kawirikawiri sichikhala ndi magazi. Kamwazi naye ali pawiri. Wina amayamba ndi mabakiteriya, amabwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi. Wina amayamba ndi kachilombo kotchedwa amiba, amabwera pang'onopang'ono, amatha n'kubweranso. Mankhwala ake ndi osiyana. N'chifukwa chake makapisozi awiri ofiira ndi akuda a pamsika sathandiza. Amangozoloweretsa tizilombo, ndipo tsiku limene mudzafune mankhwala enieni adzakhala opanda mphamvu. Chimene mungayambe kunyumba ndi madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi a kuchipatala, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa mwana, uku mukukonzeka ulendo. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthiramo Certeza.

Taifodi nayo imalowa m'gulu lomweli. Mu 2009 inabuka m'midzi ya m'malire, ku Tsangano mbali yathu ino ndi ku Neno mbali ya Malawi. Imayamba ndi kutentha thupi kwa masiku ambiri, anthu n'kumayesa malungo. Ikafika sabata yachitatu osachizidwa imatha kuchita zilonda m'matumbo, zilondazo n'kutulutsa magazi, mwinanso kuboola thumbo. Munthu amene wakhala akutentha thupi kwa masabata kenako n'kuona magazi m'chimbudzi, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye pali likodzo. Ambirife timalidziwa ndi magazi a mumkodzo mwa anyamata osambira. Koma lilipo likodzo lina la m'matumbo. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Wina akadzithandiza m'mphepete mwa madzi, mazirawo amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono za m'madzi, timakuliramo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kuthirira dimba. Mkati mwa thupi timaikira mazira amene amakanirira m'matumbo ndi m'chiwindi. Poyamba munthu amangoona kutsekula m'mimba kobwerabwera ndi timagazi. Pakapita zaka chiwindi chimalimba, kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo tsiku lina munthu amasanza magazi. Zonsezi zimapeweka ndi mapilitsi a praziquantel, aja ana amalandira kusukulu atawayeza msinkhu pa ndodo. Makolo, kampeni ikafika musabise ana, ingowapatsani chakudya asanamwe. Ndipo inu amene moyo wanu uli pa Revúboè, pa Zambezi kapena m'madambo, mukapita kuchipatala nenani kuti mumagwira ntchito m'madzi.

Chimbudzi chakuda chija tichibwerere. Kawirikawiri chimachokera ku zilonda za m'mimba kapena ku mitsempha yophulika chifukwa cha chiwindi chowonongeka. Pano ndikufuna ndilankhule ndi azibambo ogwira ntchito zolemetsa. Msana ukawawa mumagula diclofenac, ibuprofen kapena aspirin, mumamwa m'mawa musanadye kanthu, madzulo n'kutsirapo kachasu. Mapilitsi amenewa akamwedwa tsiku ndi tsiku amadya khungu la m'chifu, ndipo mowa umawonjezera moto. Ena chilonda chimatuluka magazi osamva ululu uliwonse. Mukaona chimbudzi chakuda chomata, siyani mapilitsiwo pomwepo, muwatenge m'thumba, mukawaonetse kuchipatala.

Pali zina zimene ndingodutsamo mwachidule. Matenda opatsirana pogonana amatha kuchita zilonda, njerewere ndi mafinya kunjira ya chimbudzi. Munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, kapena anasiya, amagwidwa msanga ndi matenda a m'matumbo otulutsa magazi. N'chifukwa chake achipatala akakupemphani kuyeza HIV musakhumudwe, akufufuza gwero basi. Kwa ana, nthawi zina pamakhala kanyama kakang'ono m'thumbo kotulutsa magazi osapweteka, nthawi zina thumbo limatuluka chifukwa cha kutsekula m'mimba kwa nthawi yaitali, njoka za m'mimba ndi kunyentchera. Ndiponso, ngakhale n'zowawa kunena, mwana wotuluka magazi kumeneko, amene wasintha khalidwe ndipo akuopa munthu wina, angakhale kuti wachitidwa zachipongwe. Mufunseni mofatsa, musamukalipire, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kukonza pulogalamu ino, khansa ya m'matumbo. Ndikupemphani mutchere khutu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati khansa ya m'thumbo lalikulu ndi yachitatu pa makhansa ofala kwambiri padziko. Nonse mukumudziwa Pelé, mfumu ya mpira ya ku Brazil. Anamupeza ndi chotupa m'thumbo mu 2021, ndipo anamwalira mu Disembala 2022. Iye anali wokalamba, ndipo n'zoona kuti khansa imeneyi imakonda anthu opitirira zaka 50. Koma madokotala a mu Africa muno amaipezanso mwa anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40. Musamati ndi matenda a azungu kapena a anthu olemera.

Imayamba ngati kanyama kakang'ono m'khoma la thumbo, kosapweteka, ndipo kamakula pang'onopang'ono kwa zaka. Ikapezeka msanga, madokotala amadula mbali yodwalayo, munthu n'kuchira. Ikachedwa imafalikira ku chiwindi ndi kwina. Tsoka lake n'lakuti poyamba imafanana ndi mudzi, imafanananso ndi kamwazi. Ndiye tingaisiyanitse bwanji? Onani ngati kachitidwe kanu ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo: lero kudzimbidwa, mawa kutsekula, popanda chifukwa. Onani ngati mukamaliza mumamva kuti chatsala, ngati chimbudzi chayamba kutuluka chopyapyala, ngati magazi akusakanikirana nacho. Onani lamba wanu, azibambo, ngati mwabooleranso bowo lina. Azimayi, onani ngati zovala zayamba kukukulirani pamene mukudya monga kale. Kutopa, kupuma mwawefuwefu pokwera kamtunda, m'maso ndi m'manja kuyera. Ndipo kumbukirani ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo matenda otere.

Pali njira imodzi imene anthu ambiri amatayikira, ndipo imandipweteka mtima. Munthu amapita kuchipatala, mzere ndi wautali, akalowa amachita manyazi, amangoti "m'mimba mukundipweteka, ndikutsekula." Amalandira mankhwala a kamwazi. Amapezako bwino masiku ochepa, magazi amabweranso. Amapita chipatala china, mwina kutsidya ku Mwanza, osanena kuti analandirapo kale mankhwala, amapatsidwanso omwewo. Chaka chimatha chonchi, palibe amene wamuyeza mkati. Tsono mverani: ngati mwamaliza mankhwala monga anakuuzirani koma magazi sakusiya, kapena asiya n'kubweranso, bwererani ndi mapepala anu onse, munene momveka kuti, "Ndinamwa mankhwala koma magazi akutulukabe, ndikupempha mundiyeze." Kunena choncho si mwano. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo kwa inu anamwino ndi madokotala amene mukumvera, tikudziwa kuchuluka kwa odwala pakhomo panu, komabe munthu wamkulu wobwera kachiwiri ndi magazi asatuluke ndi mapilitsi okha osayezedwa.

(Kanyimbo kakafupi)

Tabweranso. Tsopano tiyeni tilowe m'chipinda choyezera, chifukwa ambiri chimene chimawabweza pakhomo ndi mantha a zimene sakuzidziwa.

Kuyeza kumayamba ndi mafunso. Magazi anayamba liti, ndi amtundu wanji, ochuluka bwanji, pali ululu kapena ayi, mukumwa mankhwala anji, a kuchipatala, a pamsika ndi a zitsamba omwe. Yankhani zoona zokhazokha, ngakhale za mowa ndi za kugonana. Zimene mwanena m'chipindamo zimathera momwemo. Kenako adzakutsitsani chikope kuona ngati m'maso mwayera, adzaona zikhatho, adzayeza kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo adzakugonekani n'kusindikiza pamimba kufufuza chotupa, chiwindi ndi kapamba.

Ndiye pamabwera kuyeza kumene anthu amakuopa. Adzakupemphani kugona chammbali, kumanzere, mawondo mutawapinda kufika pachifuwa. Amakufunditsani nsalu, poonekera ndi pamalo oyezedwa pokha. Woyezayo amavala magolovesi, amayamba wayang'ana kunja, ndipo pamenepo amatha kuona mng'alu, njerewere kapena mudzi wotuluka. Kenako amapaka mafuta oterera pa chala chimodzi, amakuuzani kuti mupume mozama, n'kulowetsa chalacho pang'onopang'ono. Amazunguliza kumva ngati khoma lili losalala kapena pali cholimba, amatulutsa, n'kuyang'ana pa golovesi ngati pali magazi ndi mtundu wake. Zonsezi sizitenga nthawi, ndipo munthu amangomva kusowa mtendere pang'ono. Ngati pali chilonda chopweteka kwambiri, nenani, sakakamiza. Mungathe kupempha kuti akuyezeni mwamuna mnzanu kapena mkazi mnzanu ngati alipo, kapena kuti m'bale wanu akhale nanu m'chipindamo. Kuyeza kumeneku sikufuna magetsi, sikufuna makina, ndipo khansa zambiri za kumapeto kwa thumbo zimapezeka ndi chala chomwechi. Kumene kalipo, amagwiritsanso ntchito kachipangizo kakafupi koonera mkati, kamene kamaonetsa bwino mudzi wobisika.

Akakupatsani kabotolo ka chimbudzi, musatume mwana kukatapa pansi. Tengani pang'ono chabe, makamaka pamene pali magazi kapena zonanda, chisakhudzane ndi dothi kapena mkodzo, ndipo mupite nacho ku labotale nthawi yomweyo chisanagone. Kumeneko amachiyang'ana pa makina okulitsa zinthu kufufuza mazira a likodzo, a njoka za m'mimba, ndi amiba. Mazira saoneka tsiku lililonse, choncho akakuuzani kuti mubweretsenso mawa, bweretsani. Adzakutenganinso magazi pachala kapena pamkono kuona ngati achepa m'thupi.

Zimenezi zikapanda kupereka yankho, kapena akapeza chokayikitsa, amakulemberani guia, kalata yopita nayo ku Hospital Provincial de Tete. Kumeneko kuli madokotala a opaleshoni ndi makina ounikira m'mimba. Ena amafunika kuyezedwa ndi kachubu kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kamene kamayenda m'thumbo lonse lalikulu, kapena kamene kamadzera kukamwa kukaona m'chifu. Dokotala akaona chotupa amatapako kachidutswa kuti kakayezedwe, ndipo kachidutswa kameneko ndi kamene kamanena motsimikiza ngati ili khansa kapena ayi. Kuyeza kotere kumapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Hospital Central de Maputo, choncho nthawi zina ulendo umatalika. Ndikudziwa kuti ndalama yoyendera ndi yovuta, ndipo munda sudikira. Komabe guia imeneyo musaiike pansi pa mphasa. Khalani pansi ndi abale, ampingo kapena anzanu a pantchito, musonkherane, munthu apite nthawi ikadalipo. Ndipo inu a ku Zóbuè amene mumalandira chithandizo mbali zonse ziwiri za malire, muziyenda ndi mapepala a uku ndi uku m'thumba limodzi, kuti dokotala aone zimene mnzake anapeza ndi mankhwala amene anapereka.

Tsopano zizindikiro zosagona nazo m'nyumba. Ndizinena pang'onopang'ono. Magazi ambiri, kapena otuluka zibulumwa, osasiya. Chimbudzi chakuda chomata. Kusanza magazi. Chizungulire poimirira, kukomoka, thukuta lozizira, mtima kuthamanga. M'mimba kupweteka kwambiri n'kuuma gwa. Kutentha thupi kwambiri. Mayi woyembekezera amene akutaya magazi. Mwana wosakwana zaka zisanu amene akutsekula magazi, makamaka akamakana bere, maso atalowa, kapena mkodzo utachepa. Ndi khanda limene likulira mwadzidzidzi likupinda miyendo, kenako n'kukhala chete, n'kuyambiranso, likusanza, chimbudzi chake chili chofiira chonanda. Khanda lotero thumbo lake lingakhale litalowana, ndipo limafunika madokotala a opaleshoni mwamsanga. Pa zonsezi musadikire kuti kuche. Wodwalayo asayendetse yekha njinga kapena galimoto, ndipo abale athanzi apite naye limodzi, chifukwa pangafunike opereka magazi.

Ngati magazi ndi ochepa ndipo mukumva bwino m'thupi, si za usiku uno, koma sabata ino isathe musanapite. Makamaka inu amene mwapitirira zaka 40, ngakhale mutaona kamodzi kokha.

Tisanasiyane, taganizirani mafunso awa muli phee. Kodi ndi liti pamene munayang'ana chimbudzi chanu kukuwala? Kodi m'nyumba mwanu muli wina amene wakhala akunena za mudzi kwa miyezi, akuwonda, koma sanayezedwepo? Kodi mwana wanu ataona magazi angalimbe mtima kukuuzani? Magazi a m'chimbudzi ndi chizindikiro cha matenda ambiri, ndipo gwero lake limadziwika munthu akayezedwa. Amayi, afunseni abambo usiku uno ngati akuona magazi pochita chimbudzi. Abambo, afunseni amayi, afunseninso agogo amene sakonda kudandaula. Amene wayankha kuti inde, mawa m'mawa mum'perekeze kuchipatala chimene muli nacho pafupi, atanyamula mapepala ake ndi mankhwala onse amene wakhala akumwa.